Chipinda cha Mkati cha Mayi Zubeida

Mayi Zubeida ndinawadziwa chaka chimene ndinabereka Orton. Bambo a mwanayu anali atapita ku Joni, foni yawo n'kusiya kupezeka, ine n'kumakhala kwa azakhali ku Mchesi, kudya za eni ake. Tsiku lina azakhaliwo anandiperekeza kuseri kwa msewu wa Malangalanga, pa shopu ina ya matelala. Tinapeza mayi wamtali, wa mpango wotuwa, tepi ili m'khosi.

"Uyu ndi Eveless, mwana wa achimwene anga a ku Mitundu," anatero azakhali. "Kusita amatha, kusokerera mabatani amatha. Vuto lake ndi limodzi, sayankhula."

Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kuphazi, anasuzumira mwana kumsana, n'kunena kuti, "Wosayankhulayo ndi amene ndikumufuna. Ubwere mawa."

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa nditayamba ntchito.

Shopuyo inali yopapatiza koma yolowa mkati kwambiri. Pakhonde pankakhala amuna, a Twahir ndi a Davison, aliyense pa makina ake, kusoka masuti ndi mayunifolomu uku akukangana za mpira. Ukalowa unkapeza chipinda cha nsalu, momwe munali tebulo lodulirapo ndi a Bashir, eni shopu, mlamu wawo wa mayi Zubeida. Ukapitirira pamenepo unkakumana ndi katani yolemera yofiirira, kuseri kwake chitseko, kuseri kwa chitseko chipinda cha mayi Zubeida. Chinalibe zenera la kumsewu, kupatula kabowo ka m'mwamba kolowera mphepo. Munali galasi lalitali, mkeka, makina akale opalasa ndi phazi, ndi fungo la lubani losakanikirana ndi la nsalu yatsopano.

M'chipinda chimenecho simunkalowa mwamuna. Wokonza magetsi ankadikira panja mpaka mayi womaliza atavala n'kutuluka. A Bashir enieniwo akafuna sizasi ankatsokomola kaye kuseri kwa katani n'kulowetsa dzanja lokha. Orton yekha ndiye ankaloledwa, atagona pa mulu wa zidutswa za nsalu, ndipo mayi Zubeida ankamuloza ndi singano amvekere, "Iwe bambo iwe, tsiku lomwe udzayambe kuyankhula, uzikakhala pakhonde ndi amuna anzako."

Za moyo wawo ndinkazimva pang'onopang'ono, iwo akuyankhula mapini ali kukamwa. Anabadwira mu Old Town momwemo, kufupi ndi mzikiti. Bambo awo ankakhoma mbaula ndi zidebe. Anapitako ku madrasa ndi makalasi ochepa a pulayimale, kenako anakwatiwa ali wamng'ono ndi telala, a Abdulaziz, mkulu wawo wa a Bashir, amene anawaphunzitsa kudula nsalu. Ana awo awiri sanakule. Amuna awo matenda a shuga anawadula mwendo, kenako n'kuwatenga. Atatha masiku amene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, achibale ena a mwamuna ankati abwerere kwawo, ngati kuti kwawoko kunali kwina. A Bashir ndi amene anati, "Chipinda chakumbuyocho n'cha alamu, makina a achimwene ndi awo." Chuma chawo chonse chinali chimenecho: chipinda, makina, ndi mbiri yakuti mkazi akhoza kuvula mpango pamaso pawo osaopa kanthu.

Sanali munthu wosekaseka, koma sanali wankhanza. Mwezi wa kusala, iwo asanalawe ngakhale madzi, ankandikakamiza kuti ndidye. "Iwe ndiwe Mkhristu, ndiponso ukuyamwitsa. Tembenukira kukhoma uko, udye, usandionetse." Ndipo anali ndi kachitidwe kena kamene ndinkakaona tsiku ndi tsiku: chinthu chilichonse chimene ankachikonda ankachiika m'kati mwa chinzake. Singano zabwino zinkakhala m'kabotolo, kabotolo m'chitini cha mabisiketi, chitini m'kabati. Magalasi a malemu amuna awo anali mu sokosi, sokosi m'chikwama, chikwama pansi pa nsalu zonse.

Mbiri yawo ija siinali yochepa. Pa ukwati wa Chisilamu pamakhala tsiku la akazi okhaokha, pamene mkwatibwi ndi anzake amavala madiresi opanda manja, tsitsi lili pamtunda, msana uli pamtunda, zinthu zimene mwamuna wachilendo sayenera kuona. Diresi lotero sungakayezetse kwa telala wa pakhonde. Ndiye onse ankabwera kwa mayi Zubeida. Ndipo si Asilamu okha ayi. Amayi a ku ma Area, a ku 10, a ku 43, ankaimika galimoto patali n'kuponda matope kudzafika kwathu. Wina ali ndi chipsera cha opaleshoni, wina bere anamuchotsa, wina mimba yayamba kuoneka tsiku la ukwati lisanafike. Mayi Zubeida ankayeza, n'kusoka mobisa zonsezo, osafunsa funso. Ine ndinkagwira mapini n'kumayang'ana pansi. Mayina a anthu amenewo sindiwalemba pano.

Za mafoni zinabwera ndi mayunifolomu. Ofesi ina ya ku City Centre inapatsa a Bashir ntchito yosoka zovala za madalaivala ndi alonda ake. Amene ankayendetsa nkhaniyo anali a Jenifa, mayi wachitsikana wa magalasi, wothamanga poyankhula, amenenso ankasoketsa zovala zawo kwa mayi Zubeida. Anati kuofesi kwawo zinthu sizikuyendanso ndi timapepala, pali pulogalamu ya pafoni imene anthu ogwira ntchito limodzi amaikamo zonse. Anaiika pa foni ya a Bashir, ya a Twahir, ya a Davison ndi ya mayi Zubeida. Ine kanga kanali ka mabatani.

"Taonani apa," anatero a Jenifa, tonse titaunjikana patebulo lodulira nsalu. "Ili ndi bokosi lalikulu, ndalilemba dzina la shopu. Mukalidina, mkati muli ena: mayunifolomu, masuti, nsalu. Mukadina mayunifolomu, mkati mulinso la madalaivala ndi la alonda. Muziika miyezo ndi zithunzi mmenemo, ife kuofesi tiziona pomwe mwafika."

"Ndiye ndi nyumba imeneyi," anatero mayi Zubeida. "Nyumba ya zipinda, china mkati mwa chinzake."

"Eya, mutha kutero, Anti. Nyumba. Ndipo makiyi a nyumbayi muli nawo inu nonse pano, ine, ndi a Paxton amene amalandira katundu kuofesi kwathu."

"Nanga chimbudzi chili pati, madamu?" anafunsa a Davison.

"Iwe kwako n'ku boyizikota," anatero a Twahir, onse n'kuseka.

Tsiku lomwelo a Jenifa analowa kwathu kudzayeza siketi, ndipo ali chiimire pagalasi anati, "Anti, inunso ndikupangireni yanu. Amayi a ku ma Area amadandaula kubwerabwera kuno. Munthu azitenga diresi, akayeze kunyumba, adzijambule, aike chithunzi, inu muone pothina."

"Zithunzi za akazi pafoni? Ayi, mwanangu."

"Ikhala nyumba yanuyanu, yosakhudzana ndi ya shopu. Kiyi wamkulu inu nokha. Mayi aliyense akhala ndi kachipinda kake, azilowa mmenemo basi, za mnzake saziona. Amuna ajawa ngakhale dzina lake saliona."

Mayi Zubeida anakana kwa masiku angapo. Kenako anayesa ndi a Jenifa omwewo, kenako ndi ena, ndipo zinayenda. Mayi ali ku Area 43 ankaika chithunzi m'mawa, n'kulemba kuti m'khwapamu mukuluma, ife masana takonza. Obwera kudzayeza kwathu ndinkawajambula ndine pa foni yomweyo, poti manja a mayi Zubeida ankakhala otangwanika. Ndinkajambula kumsana, m'mbali, paliponse pamene nsalu yakwinyika. Pafupifupi aliyense ankafunsa funso limodzimodzi: "Siziona anthu zimenezi?" Mayi Zubeida ankaloza kuchitseko. "Momwe chatsekedwera chitsekocho, ndi momwe zatsekedwera umu." Ndipo akaziwo ankakhulupirira, osati foni, koma iwowo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa mtendere. Ukatsegula pulogalamuyo, pagalasi la foni pankaoneka nyumba ziwiri: ya shopu, ndi ya akazi pambali pake, payokha. Ndinkawaona akuiyang'anitsitsa atakwinya nkhope.

"Make Orton, taona. Akazi anga ali panja."

"A Jenifa anati n'potseka, amayi."

"Kutseka n'kutseka, koma ali pamsewu ngati okala. Unaionapo kuti nyumba yoti chipinda cha akazi chili kutsogolo? Kwanu ku Mitundu mumagona pakhonde?"

Kunena zoona nanenso ndinkaona choncho. Chinthu chofunika umachiika mkati, chofunika kwambiri mkati mwa mkati. Ndi momwe tinakulira tonse.

Nthawi imeneyo tinali pa ntchito yaikulu, ukwati wa Rukaiya, mwana wa mayi Adija. Mayi Adija ndi mayi Zubeida anakulira limodzi, ku madrasa ankakhala mkeka umodzi, kungoti mayi Adija anakwatiwa ndi mwini magalimoto onyamula katundu n'kusamukira ku Area 10. Rukaiya anali mtsikana wamanyazi ngati ine ndemwe, wovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Tsiku limene anavula mpango kuti ayeze diresi lake lobiriwira, tsitsi linagwa mpaka m'chiuno, ine mpaka ndinaiwala kujambula.

Lachisanu lina masana, a Bashir ndi a Twahir atapita kumzikiti kukaswali, a Davison atapita kukadya, magetsi atathima, mayi Zubeida anatenga foni. Anali atatulukira okha kuti ukadinikiza chala pa bokosi n'kukoka, limasuntha. Anakoka nyumba ya akazi yonse n'kuilowetsa m'nyumba ya shopu. Sanakhutire. Anaikokanso kuilowetsa m'chipinda cha nsalu. Mmenemo munali kachipinda kena ka nsalu zotsala, kamene tinkaganiza kuti palibe amakatsegula. Anaiika mmenemo. Panatuluka mawu achingerezi, mizere yambiri ya tizilembo ting'onoting'ono. Anandionetsa. Ndinayesa kuwerenga, koma chingerezi changa chinathera panjira. Pansi pake panali mabatani awiri, lotuwa ndi la buluu. La buluu ndi limene timadina masiku onse zinthu n'kuyenda. Anadina limenelo.

Anatsegula nyumba ya shopu, akazi sakuoneka. Anatsegula chipinda cha nsalu, sakuoneka. Mpaka utalowa ku nsalu zotsala. Anapumira m'mwamba n'kumwetulira, zomwe sankachita kawirikawiri.

"Tsopano ali mkati," anatero. Tsiku limenelo anandigulira zitumbuwa.

Panapita masiku. Ndinali pakhonde kukoleza simbi ya makala, magetsi atathimanso, Orton ali kumsana. Amuna aja ankati akandiona amangopitiriza nkhani zawo ngati ndine mpando.

"Twahir, kodi tsitsi lija ndi lake, kapena n'logula pa msika wa Tsoka?" anatero a Davison.

"Tsitsi la ndani?"

"Usadzipange shehe iwe. Mtsikana wa diresi lobiriwira uja. Akamadutsa pano atadzikuta ngati thumba la makala, ndani angadziwe?"

"Astaghfirullah. Ine ndimangofuna kuona ngati nsalu ya alonda yatsalako, n'kupeza zimenezo. Ndinatseka pompo."

"Unatseka utaona. Nanga madamu a magalasi aja? Akabwera pano amayenda ngati bwana, koma..."

"Tatseka pakamwa, pali munthu apa."

"Eveless? Ameneyu ngakhale shopu itayaka moto sangakuwe."

Khala linandiotcha chala, sindinamve. Diresi lobiriwira linali lisanatulukepo m'chipinda chathu. Ndinasiya simbi pomwepo n'kulowa. Mayi Zubeida anali pamakina. Ndinaima kutsogolo kwawo.

"Watani? Mwana wadwala?"

"Amayi... a Davison akudziwa kuti diresi la Rukaiya ndi lobiriwira. Ndi tsitsi lomwe akulidziwa."

Phazi lawo linaima pa chopalasira. Sanakuwe. Anadzuka, anakonza mpango, n'kupita kuchipinda cha nsalu kwa a Bashir, ine pambuyo.

"Alamu, tatengani foni yanu. Ayi, gwirani nokha. Lowani ku nsalu. Lowani ku zotsala. Mukuona chiyani?"

A Bashir ali ndi zala zikuluzikulu, foni amaidina ngati akupha nsikidzi. Anadina, anadinanso. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma, foni n'kuivundikira patebulo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "izi zafika bwanji muno?"

Tinakwera minibasi ya ku City Centre masana omwewo. Njira yonse mayi Zubeida foni anali ataifumbata ndi manja awiri pamiyendo, ngati akailekerera mutayika zina. A Jenifa anatsika kudzatipeza pansi pa mtengo, poimika magalimoto. Atamva, anatenga foniyo, anayang'ana, n'kuvula magalasi.

"Anti, mwatani apa? Mwaisuntha?"

"Ndinailowetsa mkati. Inali panja."

"Mayo ine. Anti, umu sizili ngati kunyumba. Amene ali ndi kiyi wa pakhomo lalikulu amalowa zipinda zonse za mkati, mpaka chomaliza. Chilichonse chimene mwalowetsa m'nyumba ya shopu chimatsata makiyi a shopu. Maloko ndinaika aja anagwa pomwe munadina paja. Panja paja ndiye panali potseka."

"Ndiye kuti mkati muja ndi pabwalo?"

"Ndi pabwalo, Anti."

Mayi Zubeida anakhala pansi pa simenti, iwo amene sankakhala pamalo asanayale nsalu.

Zala za a Jenifa zinkathamanga. Anaitulutsa nyumba ya akazi, anaibwezera payokha, anabwezeranso maloko. Kenako anaima. Pulogalamuyo imaonetsa tinkhope ta anthu amene alowapo m'chipinda. M'kachipinda ka a Jenifa enieniwo munali kankhope ka a Davison, ndi ka a Paxton, bambo amene amagwira nawo ntchito ofesi imodzi. Anakweza maso kuyang'ana mazenera a nyumba yosanja imene anali atangotulukamo.

"N'chifukwa chake akhala akundipatsa moni wambiri," anatero. "Mukanandiimbira, Anti. Kungondifunsa basi."

"Ndimati ndikukubisa, mwanangu."

"Nanenso sindinakufotokozereni bwino, ndinali bize. Pepani." Anavala magalasi. "Ndatseka. Koma ngati wina anasunga chithunzi pafoni pake, chimenecho ine sindingachibweze."

Sanatiperekeze ku siteji. Anaima pansi pa mtengo paja kanthawi, ngati munthu amene sakufuna kukwera masitepe.

Titabwerera tinapeza a Bashir atawakalipira kale amuna aja. A Twahir sankatha kudzutsa mutu. A Davison analumbira kuti afufuta zonse, zomwe zinangosonyeza kuti panali zofufuta.

"Alamu, zatha," anatero a Bashir ali kuseri kwa katani. "Kwatsekedwa, anyamatawa ndawauza. Akaziwo sakudziwa. Mukakatsegula pakamwa mudziotcha nokha, ndipo ine sindidzatha kukuthandizani."

"Mawa kubwera mayi wina kudzayeza," anayankha mayi Zubeida ali mkati. "Adzandifunsa kuti siziona anthu. Ndidzati chiyani?"

"Mudzati siziona anthu. Panopa si zoona?"

"Nanga akamatuluka, n'kudutsa pakhondepo, Davison n'kumupatsa moni?"

Tinangomva a Bashir akukoka masilipasi awo, akuchoka.

Mayi Zubeida anaganiza zokawauza okha akazi onse aja. Anayambira kwa mayi Adija, poti ukwati unali pafupi. Ananditenga kuti ndinyamule diresi. Ku Area 10 kumakhala zii, mipanda yaitali, phokoso la agalu okha. Mlonda anatitsegulira geti, wantchito anatidutsitsa pabalaza, m'kanjira ka m'nyumba, mpaka kuchipinda cha eni ake. Ndinawaona mayi Zubeida akuyang'ana zitseko zimene tinkadutsazo, chimodzichimodzi.

Mayi Adija anatilandira ndi tiyi wamkaka ndi masamusa, Rukaiya atakhala pakapeti, maso ali pa jumbo ya diresi. Mayi Zubeida sanakhudze kapu. Anafotokoza zonse, osakometsa, osatchula a Jenifa, osanamizira foni.

"Ndani waona?" anafunsa mayi Adija.

"Twahir. Davison. Ndi bambo wina wa ku ofesi ya ku City Centre, nkhope yake sindiidziwa."

"Davison uja amathamangira kudzanditsegulira chitseko cha galimoto?"

"Yemweyo."

Rukaiya anakoka mpango kuphimba kumaso, ngakhale m'chipindamo munali akazi okhaokha. Mapewa ake ankagwedezeka, mawu osatuluka.

Kenako mayi Adija anati, "Achemwali, mukanakhala chete ine sindikanadziwa."

"Ndikanadziwa ine."

"Eya. Ndiye mwatula katundu wanu n'kusenzetsa ine. Tsopano ine ndiwauze bambo ake, kapena ndiwabisire? Akuchimuna ndiwauze? Mwana wanga alowe m'banja ndi chinsinsi, kapena alowe ndi manyazi? Inu mubwerera ku Malangalanga mtima uli mbee. Nanga ine?"

"Ndikhululukireni, achemwali."

"Kukhululuka ndakhululuka, Mulungu akumva. Diresilo lisiyeni pabedipo."

"Silinathe. M'munsimu muli mapini okhaokha."

"Lisiyeni choncho."

Pobwerera, mu minibasi, ndinafuna kuwauza kuti achita bwino. Koma nkhope ya Rukaiya inali m'maso mwanga, ndipo sindinali wotsimikiza. Ndinangomupatsa bere Orton n'kuyang'ana pawindo.

Mayi Zubeida anayendabe, nyumba ndi nyumba, m'mawa uliwonse asanatsegule chipinda. Ena anawatukwana pageti, alonda akumva. Wina anaseka n'kunena kuti thupi lake si golide, koma sanabwerenso. Mayi wa bere limodzi uja anangofunsa kuti, "Anaona mbali iti?" Atamaliza onse, anapempha a Jenifa kuti aigwetse nyumba ya akazi ija, isatsale ngakhale njerwa.

Ukwati wa Rukaiya unachitika. Ngati akuchimuna anauzidwa, ine sindikudziwa. Diresi anavala lina, logula. Mayi Zubeida, amene ankakhala kutsogolo pa tsiku la akazi la ukwati uliwonse, sanaitanidwe. Tsikulo anakhala pamakina opanda nsalu, akuthira mafuta pamene anali atathira kale dzulo lake.

Nkhaniyo inafika pamsika itasintha. Pa Tsoka ankati mayi Zubeida amagulitsa zithunzi za akazi a eni kwa madalaivala. Ena ankati zili pa intaneti, mpaka azungu akuziona. Za nsalu zotsala ndi batani la buluu palibe ankafuna kumva, poti si nkhani yokoma kufotokoza. Ine ndinkawamva akunena pogula tomato, lilime n'kulemera. N'chifukwa chake ndangolemba.

Katani ija inasiya kugwedezeka. Chikondwerero cha Idi chinafika, nyengo imene kale tinkasowa poponda ndi madiresi, ife n'kumangopinda timipango ta ana. Mayunifolomu okha ndi amene ankachuluka, poti ofesi ija inawonjezera ntchito, ngakhale a Jenifa anasiya kubwera okha n'kumangotuma dalaivala. M'mawa wina a Bashir anatsokomola kuseri kwa katani.

"Alamu, mvula yayandikira, anyamata azinyowa pakhonde, ndipo makina atsopano amene ndagula ndilibe powaika. Sikuti ndikukuthamangitsani..."

"Ndamva, alamu. Mwandisunga nthawi yaitali."

Katani anaimasula okha, atakwera pampando. Lero m'chipinda chija mumasokera a Davison, wailesi ikulira.

Mukafika pa Tsoka, kumbali ya ogulitsa kaunjika wa mathalauza, muwapeza mayi Zubeida pansi pa pepala la pulasitiki ndi makina a malemu amuna awo. Anyamata amagula jinzi n'kuwaponyera, "Amayi, dulani apa, changu." Mwendo wa mwamuna amauyeza ndi maso, osaukhudza. Ine ndimakhala pambali ndi simbi yanga ya makala. Foni ija anasinthanitsa ndi ka mabatani ngati kanga. A Twahir akamadutsa popita kumzikiti amazungulira njira ina.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wa bere limodzi uja, atavala magalasi akuda, nsalu ili m'jumbo. Anati wayesa matelala ena, onse amafunsa mafunso. Mayi Zubeida anayang'ana uku ndi uku: anthu, mawilibala, anyamata oitanira malonda.

"Pano palibe mkati, mayi," anatero.

"Ndaona. Koma ndabwera."

Anatulutsa katani ija pansi pa makina, pomwe imakhala yopindidwa. Nsonga imodzi anamangirira pa mtengo wa shedi, ina ndinagwira ine, nditakweza manja, kuwatchinga awiriwo pakona ya khoma. Katani imeneyo ndi yolemera. Mikono inandiwawa, fumbi likulowa m'maso, mnyamata wina n'kumandifunsa ngati ndikugulitsa, koma sindinatsitse mpaka ndinamva kuti, "Basi." Miyezo sanailembe paliponse. Bulauzi anaisoka, yokongola ngati zakale zija. Anadzatenga ndi wantchito wa mayiyo, ndipo kuchokera tsiku limenelo katani sinatulukenso.

Orton tsopano amayankhula, amatchula chilichonse chimene waona. Dzana anakwera pamiyendo pa mayi Zubeida n'kuwafunsa kuti chinsalu chachikulu chili pansi pa makinacho n'cha chiyani. Ndinakumbuka zimene ankamuuza ali khanda, zoti akadzayamba kuyankhula azikakhala pakhonde ndi amuna anzake, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso anakumbuka, chifukwa anandiyang'ana. Anamutsitsa bwinobwino, n'kukoka thalauza lina pamulu.